Mabawuti Awiri pa Khoma la Ba Mervis

Ba Mervis Kalilangwe amagona m'chipinda chimene anabadwiramo, ku komboni yakale ya anthu a njanji ku Livingstone. Nyumba za kumeneko zinamangidwa ziwiriziwiri: denga limodzi, mabanja awiri, khoma limodzi pakati. Njerwa zake n'zofewa, zomangidwa ndi dothi, ndipo amene anaziyala akuoneka kuti ankathamangira kukaweruka. Khoma lapakatilo lili ndi mimba. Ukaima pakhomo n'kuliyang'ana cham'mbali, umaona kuti m'munsi linalowa, pakati linatuluka, m'mwamba n'kubwereranso.

Pakhoma limenelo pali wadiropu ya mukwa, mtengo umene bambo awo ankaumirira kuutchula kuti mlombwa. Ndi yaitali kutsala pang'ono kugunda denga, ya zitseko zitatu, ndipo chapakati chili ndi galasi lochita mawanga. Bambo awowo, a Ezra, anachoka ku Dedza wapansi asanakwatire. Anayamba ndi ntchito yocheka matabwa, kenako analowa ya njanji, yokonza mipando ndi zitseko za mabogi. Wadiropuyo anaikhomera m'chipinda momwemo, Loweruka lililonse masana, kwa miyezi isanu. Ataimaliza ndi pamene anthu anazindikira kuti singatuluke pakhomo, ngakhale utaigoneka kapena kuipendeketsa. Anzawo anawaseka kuti mmisiri wonse uja waiwala kuyeza chitseko. A Ezra anangotenga sutikesi yachitsulo, nalongedzamo jekete lakuda, nsapato ndi nsalu ziwiri zokapatsa mlongo wawo, n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa apita kumudzi. Anamwalira mu 1981 sutikesi ili pomwepo, ndipo anaikidwa m'manda a m'tauni momwemo.

Mwana wawo Mervis anagwira ntchito yosita zaka makumi atatu ndi chimodzi pa hotela ina kufupi ndi mathithi. Nsalu za pabedi, za patebulo, malaya a alendo, zonse zinkadutsa m'manja mwawo. Pamkono wamanja ali ndi zipsera zitatu za simbi. Atabweretsa makina ositira, akuluakulu anawauza kuti makolala azingowaponya m'makinamo. Ba Mervis anavomera ndi mutu, n'kupitiriza kusita makolala pamanja mpaka tsiku limene anapuma ntchito. Umo ndi mmene alili. Sakangana kawirikawiri, amangochita chimene aganiza.

Mwamuna wawo, Ba Dixon, nayenso anali wa njanji, ndipo anabwera kudzakhala kwa mkazi monga amachitira kwawo kwa makolo awo. Anzawo achitonga ankawanena kuti anakwatiwa ndi iwowo. Nthawi imene nyumba zinkagulitsidwa kwa okhalamo, banjalo linagula mbali yawo, ndipo chikalata cha nyumba Ba Mervis anachiika m'sutikesi muja, pansi pa jekete la bambo awo.

Kuseri kwa khoma kumakhala Bina Mainza, mayi wachitonga amene anabwera kuchokera ku Kalomo ali mtsikana, atakwatiwa ndi Ba Malambo ogwira ntchito m'sitima. Kwa zaka zambiri awiriwa ankabwerekana mchere ndi sefa podutsira kumpanda. Zinasintha pa maliro a Ba Dixon. Amayi ali kuseri akutsuka mbale, Bina Mainza anauza mnzawo kuti tsopano popeza mwamuna wapita, Mnyasa uja abwerera kwawo, ndipo iwo aboola khoma n'kuikapo chitseko kuti nyumba ikhale imodzi. Ba Mervis anali pawindo la bafa, ndipo anamva zonse. Sanatuluke kukafunsa. Anangolumbira mumtima kuti pakamwa pawo sipadzayamba kutuluka mawu opita kwa mayi ameneyo. Nawonso Bina Mainza ataona kuti moni wawo wagwa pansi kawiri, anasiya. Zinatha zaka zisanu ndi zinayi. Ba Malambo atamwalira, Ba Mervis anapita kumaliro, anasenza madzi, anaimba nawo nyimbo, koma kwa mferedwa sananene kanthu.

Wadiropu inayamba kuwerama pang'onopang'ono. Simenti yapansi inatitimira chakutsogolo, mimba ya khoma n'kumaikankha kumsana, mpaka pamwamba panatsala mpata wolowa dzanja lonse. Ba Mervis ankaika zitsekerero za mabotolo ndi makatoni opinda pansi pa miyendo yakutsogolo, ndipo ankadziwa kuti zitseko zitatu sazitsegula nthawi imodzi. Anakhala nayo choncho zaka zingapo, monga mmene munthu amakhalira ndi bondo lopweteka.

Mwezi wa Okutobala uliwonse amatsitsa sutikesi kuti zovala zipitidwe mphepo. Chaka chimenecho, m'mawa wa Lachiwiri, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, anakwera pa situlu n'kukoka chogwirira. Sutikesi inakodwa pa mkombero wa pamwamba. Anakokanso, ndipo wadiropu yonse inabwera. Iwo anagwera pakati pa bedi ndi khoma, wadiropu n'kudzatsamira pa chitsulo cha kumiyendo kwa bedi. Anapezeka ali chigonere m'kampata, zovala zili pamutu, galasi likulendewera pamwamba pa nkhope yawo koma losasweka. Anatuluka chokwawa. Anasamba kumaso, anamanga nsalu pachigongono, kenako anaimitsa amuna awiri ogulitsa makala amene ankadutsa ndi njinga zawo kuti adzutse wadiropuyo. Anawapatsa madzi ozizira, nawapempha kuti asauze munthu.

Ola lisanathe, takisi inaima pageti. Munatuluka Harriet, mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito yolandira alendo ku bwalo la ndege. Anali atavala yunifomu, baji ili pachifuwa. Ba Mervis sanafunse kuti wamva kwa ndani. Amuna a makala sankamudziwa Harriet. Amene akanamva chiphokosocho ndi khoma lokha.

Harriet analankhula nthawi yaitali, ataimirira. Anati nyumbayo yatha, kuti kwake ku Dambwa North kuli chipinda cha matailosi chokhala ndi kabati yomangira kukhoma, kuti azichimwene ake a ku Lusaka agwirizana naye pafoni ali m'takisi momwemo. Anapereka njira ziwiri: wadiropu ichekedwe ituluke zidutswazidutswa, apo ayi amayi asamuke aisiye. Maso ake sankachoka pachigongono chomangacho.

Ba Mervis anamulola kuti amalize. Kenako anati pali njira yachitatu: wadiropu imangiriridwe kukhoma.

"Mami, chipupa ichi ni dothi chabe," anatero Harriet.

"Dothi lamene lakulera iwe."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza Harriet anati chabwino, adzabwera Loweruka lomaliza la mwezi ndi kanta, kalole konyamula katundu. Akadzalendewera pa wadiropuyo ndi thupi lake lonse osagwedezeka, amayi atsala. Ikadzangosuntha ngakhale pang'ono, katundu akwera. Ba Mervis anavomera, ndipo anamuuza kuti pobwera adzadyeretu kuti adzalemere bwino.

Pofuna kuonetsa kuti sakuwatchera msampha, Harriet anatumiza bambo wina amene amakhoma ma TV m'malo ogona alendo. Anabwera ndi choboolera chamagetsi, levulo ndi thumba la timapulagi ta pulasitiki. Anaboola mabowo asanu ndi limodzi. Bowo lililonse linkasanza fumbi lofiira n'kukula kuposa mmene ankafunira, ndipo timapulagito tinkatuluka akangotikoka ndi zala ziwiri. Bamboyo anaika levulo pakhoma, anaiika pansi, anaiikanso pa wadiropu, n'kunena kuti m'chipindamo mulibe chowongoka ngakhale chimodzi. Anajambula mabowowo n'kutumizira Harriet. Ba Mervis anasesa fumbilo, nam'perekeza mpaka pageti mwaulemu.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita m'tauni. Kuseri kwa misika ya ziboliboli ku Mukuni Park kumakhala Ba Imwiko, bambo wachilozi wa imvi, amene amasema mvuu ndi mbale zamtengo. Asanayambe zosemasema anagwirapo ntchito m'shedi ya njanji, ndipo Ba Dixon ankawadziwa. Anamvetsera nkhani yonse akupala msana wa mvuu, ndipo anati abwera adzaone.

Anabwera wopanda levulo. Anagogoda khoma ndi chala kuyambira pansi mpaka pamene dzanja linafika, khutu ataligunditsa. Analowetsa msomali m'bowo limodzi la bambo wa ma TV uja, n'kununkhiza fumbi lake. Kenako anakhala pa situlu, nati mimba ya khoma si vuto, poti thabwa likhoza kusemedwa kuti ligone bwino pamimbapo. Vuto ndi njerwa. Chilichonse chimene chingalowe n'kuthera m'kati mwa khomalo chidzatuluka. Njira ndi imodzi yokha: mabawuti awiri aatali, odutsa khoma lonse n'kutulukira kuseri, kumene kukhale thabwa lina loti manati amangirepo. Khoma likhale lofinyidwa pakati pa matabwa awiri.

Ba Imwiko ankadziwa kuti kuseriko ndi kuchipinda kwa Bina Mainza. Za amayi awiriwa komboni yonse inkadziwa, ndipo nkhani inafika ndi ku Mukuni Park komwe. Anafunsa ngati angapite iwowo kukawapemphera chilolezo kwa Bina Mainza. Ba Mervis anakana. Anati khomalo ndi lawo, nkhaniyo ndi yawo, ndipo satuma munthu kukagwada m'malo mwawo. Anawauza kuti agule mabawutiwo.

Mabawutiwo anakhala patebulo milungu iwiri. Anali aatali ngati mkono wa mwana, akuda, onunkha girisi. Ba Mervis ankawasuntha akafuna kuyala nsalu, n'kuwabwezeranso. Anaganiza zoboola Bina Mainza atapita ku tchalitchi, koma manati sangadzimange okha m'nyumba yokhoma. Anaganiza zolemba kalata, koma anaona kuti kalata ndi mawu ndithu, ndipo ikhala kuti ayamba ndi iwo. Harriet ankaimba foni madzulo alionse kufunsa za chigongono, ndipo tsiku lina anatchula kuti wapeza kale anthu ofuna kulowa m'nyumbamo, anyamata atatu opalasa mabwato a alendo pamtsinje. Ba Mervis anangoti wamva.

Lachinayi la mlungu womaliza, dzuwa litakwera, anavala chitenje chatsopano ndi mpango, anakulunga mabawuti m'nyuzipepala, n'kutuluka pageti lawo. Anayenda masitepe khumi ndi awiri, nalowa pageti la eni. Pakhonde anaomba m'manja katatu, poti kuomba m'manja si kulankhula, n'kukhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula.

Mwambo wake aliyense amaudziwa, Mchewa ndi Mtonga yemwe. Mlendo akafika pakhomo n'kukhala, moni umachokera kwa mwini nyumba. Mlendo salonjera. Ndipo mwini nyumba amene angasiye munthu wamkulu ali chikhalire pakhonde pake osam'lonjera, anthu amunena mpaka pa maliro ake.

Bina Mainza anasuzumira pawindo, n'kubweza katani. Patapita nthawi anatuluka ndi tsache, nayamba kusesa khonde limene linali losesa kale. Anasesa kumanja kwa mlendoyo, anasesa kumanzere, anazungulira mapazi. Ba Mervis sanasunthe mwendo. Mwini nyumba analowa, natsegula wailesi mokweza. Mthunzi wa khonde unayamba kufupika, dzuwa la Okutobala linafika pa zala za kumapazi, kenako pa akakolo. Mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anasiya kuitana makasitomala. Ena awiri ochokera kumpopi anatula zidebe pansi pa mtengo wa mango, ngati akupuma. Thukuta linkatsika m'khosi mwa Ba Mervis n'kulowa m'bulauzi, koma sanalipukute.

Itakwana pafupifupi 12 koloko, wailesi inazima. Bina Mainza anatuluka ndi mpando m'dzanja limodzi, kapu ya chibwantu, thobwa lachitonga, m'dzanja lina. Anaika zonse pamthunzi umene unatsala, iwo n'kukhala pakhomo, nkhope atalozetsa kumsewu.

"Muli bwanji, Ba Mervis."

"Nili bwino. Kaya imwe, Bina Mainza."

Ba Mervis anadzuka mosafulumira, anakhala pampando, anamwa theka la chibwantu. Kenako anamasula nyuzipepala ija n'kuika mabawuti pansi pakati pawo.

"Zaka naini kulibe moni," anatero Bina Mainza, "manje mwabwera na zitsulo."

"Moni mwanipatsa ndimwe. Ine nabwera na nkhani ya chipupa."

Anafotokoza mwachidule zimene Ba Imwiko ananena. Bina Mainza anakana asanamalize n'komwe. Anati pamalo pomwepo ndi pamene pali chithunzi cha Ba Malambo, kuti penti anapaka chaka chatha chomwechi, kuti khoma likang'ambika adzamanga ndani. Ba Mervis sanachonderere. Anati ngati ndi choncho palibe kanthu, Loweruka akwera kanta, ndipo m'malo mwawo mulowa anyamata atatu a pamtsinje, amene akumva kuti ali ndi sipika yaikulu ngati firiji. Anayamba kukulunganso mabawuti.

Bina Mainza anayang'ana manja akukulungawo. Kenako anati tsiku lija atamva kugwa, kapu inawapulumuka m'manja, ndipo anaimbira Harriet chifukwa ankaganiza kuti kuseriko kwagwa maliro.

"Mukanabwera kuzaona," anatero Ba Mervis.

"Simunaniitane."

"Ninali pansi pa wadiropu."

Mayi wa tomato uja anaseka kutsidya, n'kudzigwira pakamwa. Amayi awiriwo sanaseke. Ba Mervis anaika phukusi lija pamiyendo, natembenuka kuyang'ana mnzawo m'maso, koyamba m'zaka zonsezo.

"Pa maliro a Ba Dixon munakamba kuti nizabwerera kwathu, imwe muboole chipupa. Ninamva neka. Manje nifunsa: kwathu ni kuti?"

Bina Mainza anati pamaliro anthu amalankhula zambiri, ndipo mutu umakhala suli bwino.

"Nafunsa kuti kwathu ni kuti."

Nkhuku inadutsa pabwalo. Bina Mainza anakweza chibwano, naloza ndi milomo kumpanda, ku mbali ina ya denga lomwelo.

"Ni apo."

Ba Mervis anamaliza chibwantu chija, n'kubweza kapu ndi manja awiri.

Zotsalazo zinali zokambirana za ntchito, ndipo apa Bina Mainza anabwezera. Thabwa la mbali yawo likhale la mukwa, osati paini, lopalidwa ndi lopakidwa polishi. Chithunzi cha Ba Malambo chidzapachikidwe pathabwapo, pakati penipeni. Pakhale timisomali tiwiri topachikapo ambulera ndi chipewa. Sipanala adzagwira okha, chifukwa safuna mwamuna wachilendo m'chipinda chawo chogona nthawi yaitali. Ndipo popeza iwo amasunga Sabata, ntchito yonse ithe Lachisanu dzuwa lisanalowe. Ikapanda kutha, idikire Lamlungu, kanta ibwere kapena isabwere.

Ba Imwiko anafika Lachisanu m'mawa ndi matabwa awiri pa njinga. Magetsi anali atazima, koma anati ngakhale akanakhalapo sakanawafuna, poti choboolera chamagetsi chimamenya njerwa yofewa mpaka kuiphwanya. Anatulutsa zovala zonse, ndipo mothandizana ndi amuna a makala aja, amene Ba Mervis anawaimitsanso, anasuntha wadiropu kuichotsa kukhoma. Kumsana kwake kunali akangaude ndi fumbi la zaka makumi asanu ndi limodzi. Ba Imwiko akupukuta anaima, naitana mwini wake. Pathabwa lakumsana panali zolemba za pensulo, zofufutika koma zowerengeka: chithunzi cha chitseko ndi miyeso yake m'mainchesi, pambali pake miyeso ya wadiropu, ndipo pansi pa zonsezo mzere wokhwatcha kawiri.

Ba Imwiko anati mdalayo chitseko anachiyeza. Ba Mervis anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, nawauza kuti asapukute pamenepo.

Kenako ntchito inayamba. Ba Imwiko anagunditsa thabwa lowongoka pa mimba ya khoma, pamtunda pamene msana wa wadiropu udzafike. Linagunda pakati pokha, kumapeto konse kuli mipata. Anamangirira pensulo pa kachidutswa ka mtengo, n'kukayendetsa motsatira khoma, pensulo ikujambula pathabwa mapiri ndi zigwa zonse za pulasitala. Anakhala pakhomo ndi kasemasema wawo wosemera mvuu, nayamba kudya thabwalo kutsatira mzerewo. Anayesa, anasemanso, anayesanso. Ulendo wachisanu thabwa linagona pakhoma ngati linamera pomwepo, osasiya polowa ngakhale mpeni. Ba Mervis, amene moyo wawo wonse anaugwiritsa ntchito kuwongola zinthu, anaona mmisiri akukhotetsa thabwa labwinobwino mwadala.

Kuboola kunatenga nthawi yaitali kuposa kusema. Ba Imwiko ankapukusa choboolera chamanja pang'onopang'ono, akuchitulutsa kawirikawiri kuti fumbi ligwe. Nsonga itatulukira kuseri, kunamveka mawu a Bina Mainza akuti pulasitala wagwa wokwana chikhatho. Ba Mervis anayankhira pabowo pomwepo kuti thabwa libisa. Anayankhidwa kuti bowolo lapendekeka. Ba Imwiko anati bowo lili bwino, chopendekeka ndi nyumba.

Dzuwa linali litapendeka pamene anabwezera wadiropu pamalo pake. Zitsekerero za mabotolo anazitaya, m'malo mwake anakhomera timatabwa tosongoka ta mukwa pansi pa miyendo yakutsogolo mpaka msana unakhudza thabwa losemedwa lija. Panatsala kuboola wadiropu yeniyeniyo, mabowo awiri pa mtanda wokhuthala wa kumsana. Ba Imwiko anayang'ana Ba Mervis asanayambe. Ba Mervis anavomera ndi mutu, koma anatuluka kukaima pabwalo mpaka zitatha.

Mabawuti analowera m'kati mwa wadiropu, anadutsa thabwa, anadutsa khoma, natulukira pa thabwa la Bina Mainza. Ba Imwiko anapita kuseri kukaika mawashala ndi manati, napereka sipanala kwa mwini chipinda monga anapanganirana, n'kubwerera. Koma sipanala ya mbali ino Ba Mervis anaitenga okha. Anakwera pa situlu yomwe ija, mutu ndi mapewa zili m'kati mwa wadiropu, Ba Imwiko atagwira situlu. Mayi wina anagwira kuseri, wina akupotokola kuno. Chitsulo chinkalira pang'onopang'ono. Ba Imwiko anati amange mosinthanasinthana, uku pang'ono, uko pang'ono, ndipo aleke akamva thabwa likudandaula.

"Ninakamba kuti chipupa ichi chizabooledwa," anatero mawu a kuseri.

"Imwe munati chitseko. Gwirani sipanala, ikuterereka."

Anamaliza dzuwa likadali pamwamba pa mtengo wa mango.

Harriet anafika Loweruka masana ndi kanta ndi dalaivala wake. Analowa m'chipinda osakhala pansi. Anayang'ana m'kati mwa wadiropu, anaona mitu iwiri ya mabawuti, anayang'ana amayi ake. Anatsegula zitseko zonse zitatu nthawi imodzi, chinthu chimene sichinachitike m'nyumbamo kwa zaka zambiri. Anavula nsapato, anakwera pa situlu, anagwira mkombero wa pamwamba ndi manja onse, n'kukankha situlu ndi phazi. Analendewera. Harriet si munthu wochepa thupi. Anadzigwedeza, anaponda shelefu ya m'kati n'kudzikankhira kumbuyo. Galasi linanjenjemera pang'ono, koma wadiropu inangoti zii.

Kuseri kunamveka kugogoda kwa ndodo ya ambulera.

"Iwe Harriet, leka kugwedeza Ba Malambo. Ni Sabata lelo."

Harriet anadzigwetsa pansi. Anayang'ana khoma, anayang'ana amayi ake, ndipo anafunsa chapansipansi kuti kodi ayamba liti kulankhulana. Ba Mervis anati Lachinayi, ndipo anayamba ndi a kuseriko.

Mwanayo anakhala pabedi, akupukuta m'manja. Anati wagonja, koma ali ndi pempho limodzi: sutikesi isabwererenso pamwamba, chifukwa wadiropu yamangidwa koma situlu sinamangidwe. Ba Mervis anakoka sutikesi ija pansi pa tebulo pamene inakhala mwezi wonse, naitsegula. Chikalata cha nyumba anachiika m'dirowa yapansi. Nsapato ndi nsalu ziwiri zija anaziika pa shelefu. Jekete la a Ezra analitenga kupita nalo kukhitchini, anakoleza makala m'simbi yakale, anayala kansalu konyowa, n'kulisita bwinobwino kuyambira kolala. Mizere ya mopindamo inali italowerera, ina sinachoke. Analikoleka pa hang'ala m'kati mwa wadiropu, kumbali ya kumanzere, n'kutseka chitseko.

Sutikesi yopanda kanthu anaipereka kwa Harriet, nati aikweze m'kanta kuti dalaivala asabwerere chimanjamanja.

Ba Mervis akadali m'nyumba yomweyo. Ndi Bina Mainza sabwerekana mchere ngati kale, koma m'mawa amalonjerana pampanda, ndipo woyamba amakhala amene wayamba kutuluka. Mvula ikatha, Ba Imwiko amadutsa ndi masipanala awiri kudzaona ngati manati akhwefuka, ndipo amayi awiriwo amagwira, wina uku, wina uko.